Safunsa anadya phula: kodi timavotera mfundo kapena munthu?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwathu ndipo tsopano mwabalalika, ena ku Limbe, ena ku Lilongwe, ena mpaka ku Joni. Lero tikambeko za ndale. Musathawe ayi. Sindikuuzani chipani choti muchikonde, ndipo ntchito yathu ya m'bomayi siilola zimenezo. Nkhani yanga ndi ya mmene ife anthu a ku Chiradzulu timamvera mfundo za anthu ofuna upulezidenti, makamaka mfundo zija zimene zimagawanitsa anthu.

Ndinene msanga zimene ndikuganiza, kuti amene akufuna kukwiya akwiyiretu. Kuno kwathu anthu ali ndi maganizo olimba kwambiri pa munthu wopikisana, koma maganizo awo pa mfundo za munthuyo ndi obwereka. Mfundo ikamveka pa wailesi, funso loyamba limakhala lakuti wanena ndani. Akakhala wathu, mfundoyo ndi yanzeru. Mawa akatembenuka n'kunena zosiyana ndi zadzulo, nazonso ndi zanzeru. Ndili ndi zitsanzo, ndipo zambiri ndi za m'kalasi momwemu.

Tiyambe ndi kota. Kwa ana anga amene simunaipeze, kota inali njira yosankhira ophunzira opita ku yunivesite za boma poyang'ana kumene munthu amachokera, kaya ndi ku Rumphi, ku Dedza kapena ku Chiradzulu, osati mapointi a MSCE okha. Inayamba mu 1987, nthawi ya a Kamuzu Banda, akuluakulu atadandaula kuti ana a kumpoto achuluka ku yunivesite poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu a chigawocho. Mu 1989 zinthu zinafika poipa. Aphunzitsi ochokera kumpoto ananenedwa kuti akuphunzitsa mwaulesi dala ana a zigawo zina, ndipo analamulidwa kubwerera kwawo. Funsani aphunzitsi opuma ntchito, akuuzani za sukulu za kuno kummwera zimene zinatsala zopanda wophunzitsa masamu ndi sayansi. Amene analangidwa kwenikweni anali ana a Fomu 4 amene anakalemba mayeso silabasi isanathe. Mu 1993 khoti lalikulu linagamula kuti kota ndi tsankho, ndipo inatha.

Mu 2009 a Bingu wa Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo kumpoto anawavotera ndi mtima wonse. Chaka chomwecho kota inabwerera, itavala dzina latsopano lonena za kugawana malo mofanana. Boma lililonse, monga Chiradzulu, linkapatsidwa malo khumi, ndipo malo otsala ankagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Sinodi ya Livingstonia inakana poyera. Makolo a kumpoto anadandaula kuti mwana wokhoza bwino akutsala, wina wa mapointi ambiri kuposa iye n'kutengedwa chifukwa cha dzina la mudzi wa bambo ake. Kuno anthu ambiri anaomba m'manja. M'minibasi za ku Limbe, pamaliro ndi m'masitafu rumu, mawu anali amodzi: tsopano ana athu nawonso alowa.

Koma pali funso limene silinafunsidwe mokwanira nthawi imeneyo. Kodi mwana wa ku Chiradzulu ndi uti? Pa fomu ankalemba kumene makolo amachokera. Ndiye taganizani ana awiri. Woyamba anabadwira ku Blantyre, bambo ake amagwira ntchito kubanki, waphunzira pa sukulu yolipira yokhala ndi labu ndi laibulale, ndipo kwa Kadewere amapitako pa Khirisimasi pokha kukaona agogo. Wachiwiri amadzuka m'bandakucha, kulima kaye mizere ingapo, n'kuyenda makilomita asanu kupita ku CDSS kufupi ndi Namitambo kapena Thumbwe, kumene Physics anaiphunzira pa bolodi osagwirako chipangizo chilichonse. Onsewa pa pepala ndi a ku Chiradzulu. Malo khumi aja ankapita kwa uti? Aphunzitsi nonse yankho mukulidziwa. Kota inkasuntha malo pakati pa ana amene anali kale m'sukulu zabwino. Mwana wa ku CDSS, amene makolo ake ankaomba m'manja mwamphamvu kuposa onse, nthawi zambiri sankafika n'komwe pa mzere wopikisana.

Sindikunena kuti amene ankaikonda kota analibe mfundo. Analinayo. Sukulu za mishoni zinayamba kale kumpoto, ndipo dera limene linachedwa kulandira sukulu silingapikisane mofanana ndi limene linayamba zaka zambiri m'mbuyomo. Imeneyi ndi nkhani yoti anthu akhale pansi akambirane. Koma onani zimene zinachitika. Boma la mayi Joyce Banda linaisunga kota. Boma la a Peter Mutharika linaisunga kuyambira 2014. Pa kampeni ya 2019 a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera analonjeza kuithetsa, ndipo kuno ambiri anati amenewo akufuna kuphera ana athu tsogolo pofuna mavoti a kumpoto. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Mwezi womwewo usanathe, nduna ya maphunziro ya nthawiyo, a William Susuwele-Banda, inalengeza kuti kota yatha. Boma lake lomwe lija. Ndipo anthu omwe aja amene dzulo ankati kota ndi chilungamo anati abwana ndi munthu womva za anthu. Sindinamve za msonkhano wa makolo kapena kalata ya mafumu yofunsa kuti nanga ana athu aja munkawateteza zaka khumi, tsopano muwateteza ndi chiyani.

Ngati kota inali yabwino, kutha kwake kunayenera kutipweteka. Ngati inali yoipa, kubwera kwake mu 2009 kunayenera kutipweteka. Kusangalala kawiri konseko kukusonyeza kuti mtima sunali pa kota.

Chitsanzo chachiwiri ndi JCE, ndipo ichi chimatikhudza ife a choko kuposa wina aliyense. Mu 2015 boma la a Peter Mutharika linalengeza kuti mayeso a Fomu 2 atha, ponena kuti amadya ndalama zambiri pamene satifiketi yake siipezetsanso ntchito. Omaliza analemba mu 2016. Mfundoyo inali ndi mbali ziwiri. Ndi zoona kuti palibe bwana amene amafunsanso JCE masiku ano. Komanso ndi zoona kuti mwana amene sakuopa mayeso kwa zaka zinayi amagona, ndipo mtsikana amene wasiyira sukulu Fomu 3 amachoka wopanda pepala lililonse m'manja. Ambiri mwa ife tinaona ana akufika Fomu 4 asanakhalepo m'chipinda cha mayeso a MANEB chichokereni Sitandade 8. Mu chilengezo chomwe chija cha Febuluwale 2020, JCE inabwezeretsedwa, ndipo ana anailembanso mu 2021. Pothetsa, anthu anati n'kuganiza mwamakono. Pobwezeretsa, anati n'kukonda maphunziro. Ana amene anadutsa pakatipo palibe anawapepesa.

Chachitatu ndi lamulo la 50+1, loti wopambana upulezidenti apeze mavoti oposa theka. Mu Disembala 2017 Nyumba ya Malamulo inakana bilu yake, ngakhale bungwe la mipingo la PAC linalimbikira kwambiri. Mu 2019 a Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti 38.6 pa 100, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2. Khoti litanena mu 2020 kuti malamulo athu amatanthauza mavoti oposa theka, kuno ambiri anati imeneyi ndi misampha yotchera munthu mmodzi, ndipo pa 23 Juni 2020 a Chakwera atapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100, anthu anati mwaona, si tinanena. Koma pa 16 Sepitembala 2025 lamulo lomwelo linapatsa a Mutharika mavoti 56.8 pa 100, a Chakwera 33, ndipo a Chakwera anavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Palibe anakapeza poyambira kunena kuti pulezidenti wasankhidwa ndi anthu ochepa. Lero simumva munthu pa Chiradzulu boma akudandaula za 50+1. Lamulo silinasinthe. Anasintha ndi wopambana.

Anzanga a chigawo chapakati amene mukuwerenga, musaseke. Matendawa ndi a dziko lonse. Anthu amene anayenda m'misewu mu 2019 kudandaula za tsankho ndi kukondera anaona nduna zoyamba za a Chakwera mu Julayi 2020 muli mwamuna ndi mkazi wake, mulinso mlongo ndi mlongo wake, ndipo ambiri anangoti tiwapatse nthawi. Anthu analonjezedwa ntchito miliyoni imodzi, kudya katatu pa tsiku ndi feteleza wa K4,495. Thumba lomwelo la makuponi litafika K15,000, panapezeka anthu ofotokoza bwino chifukwa chake, amene akanakhala kuti wakweza ndi wa chipani china akanatseka msewu. Zifukwa zina zinali zoona, monga nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza mtengo wa feteleza dziko lonse lapansi mu 2022. Koma timakumbukira zifukwa zoona pamene zikuteteza wathu basi.

Pali mtundu wina wa mfundo umene ofuna upulezidenti amauthawa ngati njoka, ndipo pa umenewu Chiradzulu inatchuka. Mu Malichi 2021 phungu wa Chiradzulu West wa nthawiyo, a Matthews Ngwale, amene ankatsogolera komiti ya zaumoyo, anayesa kubweretsa m'Nyumba ya Malamulo bilu yokhudza kuchotsa pakati. Aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Lamulo lakale, lochokera nthawi ya atsamunda, pa nthawiyo linkalola kuchotsa pakati pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi. Bilu ija, imene inachokera ku lipoti la bungwe loona za malamulo la 2015, inkawonjezera zifukwa zochepa, monga kugwiriridwa, kugonedwa ndi wachibale, thanzi la mayi, ndi mwana wopunduka kwambiri m'mimba moti sangakhale ndi moyo. Mipingo inaikana mwamphamvu, ndipo mu Disembala 2016 Akatolika ndi mipingo ina anayenda m'misewu kutsutsa. Mbali inayo, kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher anapeza kuti mu 2015 mokha pakati pafupifupi 141,000 panachotsedwa m'Malawi muno, pambiri mobisa ndi m'njira zoopsa.

Pa nkhani imeneyi sindikukokerani mbali. Munthu amene amakhulupirira kuti moyo umayamba pa tsiku loyamba sakuseweretsa mawu, ndipo namwino amene waona mtsikana akutha magazi chifukwa cha mankhwala a kuseri nayenso sakuseweretsa mawu. Ife aphunzitsi tili pakati, chifukwa desiki imene imatsala yopanda munthu teremu yachiwiri ili m'kalasi mwathu. Funso langa ndi lakuti, mwa anthu onse amene anawatukwana a Ngwale kapena kuwayamikira, ndi angati ankadziwa zifukwa zimene zinali mu biluyo? Ndipo ndi wofuna upulezidenti uti amene tinamuumiriza kuti anene bwinobwino chimene adzachite ndi mtsikana wa zaka 14 amene wapatsidwa mimba ndi malume ake? Amangoti Malawi ndi dziko loopa Mulungu, ife n'kuimba nthungululu, iwo n'kukwera galimoto. Yankho limenelo silimuwonongera kanthu. Silimanga chipatala, sililemba ntchito namwino, silimanga wogwirira ana.

N'chimodzimodzinso nkhani ya amuna kapena akazi okhaokha. Mu Meyi 2012 mayi Joyce Banda ananena m'Nyumba ya Malamulo kuti malamulo oletsa mchitidwewu adzachotsedwa, kenako anabwerera m'mbuyo ataona mmene anthu anailandirira. Mu Juni 2024 khoti linasiya malamulowo mmene analili. A Malawi ambiri ali mbali imodzi pa nkhaniyi, ndipo andale amadziwa. N'chifukwa chake nthawi ya kampeni imagwira ntchito ngati thope loponyera mnzako. Wina amangonong'oneza pa WhatsApp kuti uje akalowa adzaloleza zakutizakuti, popanda tsiku, popanda malo amene ananenera, ndipo uthengawo umafika m'magulu a mpingo dzuwa lisanalowe. Munthu amene sangagule mbuzi asanaione mano amaukhulupirira n'kuutumiza kwa anthu makumi awiri.

Tsopano ndiwayankhe amene akuti aphunzitsi mukunyoza anthu akumudzi. Ayi ndithu. Amayi amene amagulitsa tomato pa Mbulumbuzi sali opusa akamavotera munthu wa kwawo. Anaona ndi maso. Kamuzu Academy ili ku Mtunthama, kwawo kwa a Kamuzu. Yunivesite ya MUST ili ku Ndata ku Thyolo, pa munda wa a Bingu. M'dziko limene chitukuko chimatsata kwawo kwa mtsogoleri, kuvotera wakwanu ndi masamu, si umbuli. Komanso m'dziko limene manifesito amalembedwa m'Chingerezi cha ku yunivesite n'kuiwalika tsiku lolumbira, munthu amakhulupirira nkhope imene akuidziwa kuposa pepala limene sadzaliona. Zimenezi ndikuzimvetsa.

Enanso akuti chisankho cha 2025 chasonyeza kuti a Malawi amavotera mfundo. Pamenepa pali choonadi. Anthu anavotera m'mimba. Anakumbukira kugona pa mizere ya petulo, kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mtengo wa chimanga ndi wa shuga. Kuno tinali tisanaiwale namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, pamene phiri linagumukira mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma tifunse bwino: anatsekula chitseko ndani? Anali anthu amene mu 2020 anavotera a Chakwera, mu 2025 n'kusintha. Amenewo ndiwo anagamula mlandu. Chiradzulu inavotera a Mutharika mu 2014, mu 2019, mu 2020 ndi mu 2025, chimanga chitatchipa kapena chitadula, kota ilipo kapena itatha. Mwina nthawi zina inalondola, mwina nthawi zina ayi. Koma voti imene imadziwika isanaponyedwe ili ndi vuto limodzi lalikulu.

Vuto lake ndi ili: wagolosale sanyengerera kasitomala amene alibe kwina kogula. Taonani anzathu a kumpoto. Mu 1994 anali ndi a Chakufwa Chihana. Mu 2009 anapita kwa a Bingu. Mu 2014 ambiri anatsata mayi Joyce Banda, mu 2019 a Chilima, mu 2020 a Chakwera. Ena amawaseka kuti alibe pokhazikika. Koma iwo anali ndi mfundo imodzi imene ankaika pa tebulo kwa aliyense wobwera kudzapempha voti, ndipo pa mapeto pake chipani chomwe chinabwezeretsa kota ndicho chinaichotsa, kutatsala miyezi inayi kuti anthu avotenso. Anthu ochepa kuposa ife a kummwera anasintha ndondomeko ya dziko chifukwa voti yawo imayenda. Nanga ife, mfundo yathu imene timaika pa tebulo ndi iti? Chiradzulu ili ndi anthu oposa 350,000 pa malo ochepa kwambiri, minda yake ndi timagawo, achinyamata ake amathera pa kabaza ku Limbe. Pali nkhani ya malo, nkhani ya ma CDSS opanda labu, nkhani ya anthu okhala m'mphepete mwa mapiri amene akudikira mvula ina yoopsa. Ndi liti pamene tinamuuza munthu amene timamukonda kuti bwana, timakukondani, koma pa izi mutiyankhe kaye?

Kufunsa si kudana naye munthu. Mkazi amene amafunsa mwamuna wake za ndalama ya fodya sanathetse banja. Wokonda chipani ndiye ali ndi mwayi waukulu wofunsa, chifukwa akuluakulu amamumvera kuposa wotsutsa.

Mwayi woyesera zimenezi tili nawo panopa. A Mutharika analonjeza sekondale yaulere, ndipo boma linalengeza kuti iyambe mu Januwale 2026. Mfundoyi ndi yokoma, ndipo ine ndaona ana anzeru okwanira akubwezedwa pa geti chifukwa cha ndalama zosakwana mtengo wa nkhuku ziwiri, moti sindingainyoze. Koma ife a choko tili ndi mbiri yoti tikumbukire. Mu 1994 a Bakili Muluzi anabweretsa pulaimale yaulere. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chachikulu, ndipo ambiri mwa inu ana anga simukanadziwa kuwerenga popanda chimenecho. Koma makalasi sanakwane, ana anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa, n'kumawaphunzitsa ali kale pa ntchito kudzera mu MIITEP. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa ma CDSS, ambiri opanda labu, opanda laibulale, ndi aphunzitsi otengedwa ku pulaimale. Mabala a nthawi imeneyo tikuwapoletsabe.

Ndiye wokonda a Mutharika ndi wosawakonda yemwe, mafunso ndi omwewa. Ndalama imene makolo ankapereka, imene inkagula choko, kulipira mlonda ndi kusindikiza mayeso a pa teremu, ikulowedwa m'malo ndi ndalama zingati pa mwana mmodzi, ndipo zikufika mwezi uti? Ana ambiri amene amakhoza Sitandade 8 koma osasankhidwa chifukwa malo a Fomu 1 ndi ochepa, ulerewu ukuwafika bwanji? Makalasi atsopano ndi angati m'boma lathu lino, ndipo aphunzitsi a sayansi amene anamaliza maphunziro awo n'kumakhala pakhomo alembedwa liti? Munthu akayankha kuti mukufunsa chifukwa ndinu a Kongeresi, dziwani kuti alibe yankho. Akayankha kuti zonsezi n'zabodza chifukwa wanena ndi wa DPP, nayenso alibe yankho.

Aphunzitsi anzanga, gawo lathu lilipo, ndipo silifuna kuvala nsalu ya chipani. Ndife amene timakhala m'malo oponyera voti tsiku la chisankho, ndipo tikudziwa mmene dzina la mphunzitsi linadetsedwera ndi nkhani ya Tippex mu 2019. Koma ntchito yathu yaikulu pa chisankho imachitika zaka zambiri chisankhocho chisanafike. Nali pempho langa, makamaka kwa a Social Studies, History ndi Chichewa, komanso oyang'anira makalabu a mtsutso. Tengani mfundo yeniyeni, monga kota, JCE, 50+1 kapena makuponi a feteleza. Ilembeni pa bolodi popanda dzina la amene anainena. Ana aikambirane: ipindulira ndani, ipweteka ndani, ndalama yake ichokera kuti, inayesedwapo liti. Aliyense alembe mbali yake m'kope. Akamaliza, auzeni amene anainena, ndi chaka chake, ndi chaka chimene anasintha maganizo ngati anasintha. Kenako afunseni amene akufuna kufufuta zimene analemba kuti aimike mkono, afotokoze chifukwa. Phunziro limeneli silitchula chipani chabwino kapena choipa, ndipo palibe mkulu wa maphunziro amene angakuimbeni nalo mlandu. Koma mwana amene wadzigwira yekha akufuna kusintha yankho chifukwa cha dzina sadzaiwala tsiku limenelo.

Chaka chilichonse pa 15 Januwale akuluakulu amabwera ku PIM kudzakumbukira a John Chilembwe, ndipo timaphunzitsa ana za kuukira kwa 1915. Koma timadumpha msanga zimene anachita miyezi iwiri nkhondoyo isanayambe. Chakumapeto kwa 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene anthu akuda osauka ankafera pa nkhondo ya azungu imene sadzapindula nayo kanthu. Munthu wotchuka kuposa onse amene boma lino linabala anayamba ndi funso, ndipo analifunsa kwa anthu amene sankafuna kufunsidwa. Ife tili ndi ufulu umene iye analibe. Palibe adzatimange chifukwa chofunsa phungu kapena pulezidenti za labu ya pa CDSS.

Kwa inu ana anga amene muli m'tauni ndi kunja, inu ndi amene mumatumiza mauthenga ambiri m'magulu a kumudzi, ndipo makolo amakukhulupirirani chifukwa munapita kusukulu. Uthenga wonena kuti wakutiwakuti ananena zakuti ukafika pa foni yanu, funsani kuti ananena liti, kuti, ndipo anamva ndani. Mukapanda kupeza yankho, usiyeni ufere pomwepo. Ndinakuphunzitsani kuti yankho lopanda njira yake silipatsidwa malikisi onse. Lamulo limenelo silinathere pa MSCE.

Chisankho china chikubwera mu 2030. Malinga ndi malamulo athu, a Peter Mutharika sadzaimanso, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire 1999 dzina la Mutharika likhoza kusowa pa pepala lovotera pulezidenti. Kudzabwera anthu ambiri, aliyense akunena kuti wathu ndi iyeyo. Ana amene ali Fomu 1 ndi Fomu 2 lero ambiri adzakhala ndi zaka zovotera. Akadzafika pa mzere atangodziwa kufunsa kuti kwawo n'kuti, adzasankha mmene anasankhira makolo awo pa kota, kuombera m'manja chinthu chimene sichinawafike. Akadzadziwa kufunsa kuti mudzachita chiyani, ndi ndalama ziti, pofika liti, mwina ofuna mavoti adzayamba kubwera kuno ndi mayankho m'malo mwa nsalu ndi ma T-shirt.

Amene simukugwirizana nane, makamaka anzanga amene munaikonda kota ndipo mukuikondabe mpaka lero, ndikufuna kumva mfundo zanu. Inu ndimakulemekezani, chifukwa simunasinthe pamene abwana anasintha.